Mphindi Zisanu ndi Ziwiri za a Thadzi

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1964, m'chipinda chakumbuyo cha nyumba ya lendi yoyang'anizana ndi siteshoni ya basi. Anali mwana wachiwiri m'banja la ana asanu. Bambo athu anali telala, mayi athu ankachapa ndi kukolopa pa sukulu ina yogonera komweko. Ine ndaima pano ndine mzime wa m'banjamo, mng'ono wawo wa malemu, amene ambiri mumandidziwa kuti ndimawotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri. Ndisanapite patali, mudziwe kuti m'manja mwangamu muli mapepala awiri. Lina talemba ife. Linalo anatibweretsera dzulo a komiti ya ligi ya mpira wa ana, lotayipa bwino, lodinda chidindo, ndipo likunena kuti achimwene anga amwalira atadwala kwa nthawi yochepa. Limeneli sindiwerenga. Ndikulipinda pamaso panu, eni ake adzalitenge potuluka. Ndiwerenga lathu lolemba ndi bolopeni, ndipo amene makutu amuwawe andikhululukire, koma asadzuke.

Malemu anayamba sukulu mu 1971. Masamu ankawatha, kuimba ayi, ndipo akwaya amene mwakhala apo mukudziwa kuti vuto limeneli anakula nalo. Ankakonda mpira ndipo ankatchinga pagolo. Mu 1977, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, timu ya sukulu yawo inagoletsedwa zigoli zinayi, ndipo mphunzitsi wa zamasewera anawamenya mbama pakati pa bwalo, anthu onse akuona ndi kuseka. Ine ndinali wamng'ono koma ndikukumbukira. Anabwera kunyumba, anachapa malaya a timu, anawasita ndi simbi ya bambo, m'mawa n'kukawabweza. Kuyambira tsiku limenelo sanaimenso pagolo. Nkhaniyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Mu 1981 maso a bambo athu anayamba kuchita khungu, ndipo malemu analekeza sukulu ali folomu yachiwiri kuti ife ang'ono tipitirize. Chaka chotsatira anayamba kuphunzira ntchito kwa mkulu wina wokonza mawotchi, amene anali ndi katebulo kagalasi pakhonde la sitolo ya nsalu. Mu 1988 anakhoma katebulo kawo pakhonde lomwelo, ndipo akhala pamenepo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, kagalasi kali padiso limodzi, akutola timasikuluu tochepa ngati mchenga. Mafoni atabwera anthu n'kusiya kuvala mawotchi, tinawauza kuti aphunzire ntchito ina. Anakana. Ankasintha mabatire, kukonza mawotchi a pakhoma a m'matchalitchi ndi m'masukulu, n'kumanena kuti munthu amene amaona nthawi pafoni amachedwabe, kungoti amachedwa akudziwa. Iwo kuchedwa sankakudziwa. Pa ukwati wanga anafika mkwatibwi asanasambe, ndipo ine nditachedwa ndi mphindi makumi awiri anandionetsa wotchi pakhomo la tchalitchi. Akhala akundikumbutsa zimenezo mpaka chaka chino.

Pa 9 Disembala 1989 malemu anamanga banja ndi alamu anga awa, amene pa nthawiyo ankagulitsa matikiti pa siteshoni. Anadziwana chifukwa cha wotchi ya alamu yomwe inkaima mlungu uliwonse. Inabwerera pa katebulo kaja kanayi. Patapita zaka malemu anaulula kuti ankaikonza mosamaliza dala kuti mwini wake abwerenso. Chinyengo chokhacho chimene ndikuchidziwa pa moyo wa munthu ameneyu n'chimenecho, ndipo amene anabedwayo sanadandaulepo. Mulungu anawapatsa ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi.

Za kuimbira mpira anaziyamba mu 1999. Mwana wawo wamwamuna ankasewera m'timu ya ana, ndipo Loweruka lina woimbira sanabwere. Ana anangokhala padzuwa, akuluakulu akukanirana. Malemu anabwereka wezulo kwa mlonda wa pasukulu n'kulowa m'bwalo ndi nsapato za ku ntchito. Mu 2001 anachita maphunziro ake n'kulandira satifiketi. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse, mvula kaya dzuwa, ankatseka katebulo kawo masana, kukwera njinga, kukathira laimu m'mizere ndi manja awo, kenako n'kuimbira ana a anthu ena. Zipilala za magolo zili pabwalo lija ndinawotcherera ine, atandiumiriza iwo. Maukonde ankasoka okha ndi singano ya bambo athu. Ankavala mawotchi awiri. Ya kumanzere inkangoyenda ngati wotchi ina iliyonse. Ya kumanja inali ya masewera, ndipo mpira ukaima ankaiimitsa, ukayamba n'kuiyambitsanso. Palibe mwana amene anaberedwapo mphindi m'manja mwa munthu ameneyu, ndipo inu nonse a kubwalo kuja mumadziwa zimenezi.

Sindinabwere kudzakuuzani kuti anali mngelo. Anali wamakani, ndipo ankalakwitsa ngati woimbira wina aliyense. Mu 2015 analola chigoli chimene mpira wake unalowera pachibowo cha m'mbali mwa ukonde. Atazindikira, Loweruka lotsatira anakaima pamaso pa ana khumi ndi mmodzi, anavula chipewa n'kuwapepesa. Munthu wa imvi kupepesa ana a zaka khumi. Ndikufunsa inu amene mumaima kunja kwa mzere mukudziwa malamulo onse a mpira kuposa buku, ndani wa inu anapepesapo mwana wake yemwe?

Zimene ankalandira pa ntchito imeneyi tiyenera kuzitchula, chifukwa papepala la komiti palibe. Ankatchedwa wakhungu, wogulidwa, wakuba. Ankatukwanidwa mayi athu, amene anagona kalekale ndipo sanaonerepo mpira moyo wawo wonse. Mu 2011 anthu anaponya njinga yawo mu ngalande ya madzi oipa. Mu 2018 anawatsekera m'chimbudzi cha pabwalo kwa maola awiri chifukwa cha penate ya ana a sitandade faifi. Nthawi zonsezi a komiti ankalemba kalata yonena kuti akufufuza. Makalata amenewo alipo asanu ndi imodzi, alamu anga anawasunga m'sutikesi, ndipo kufufuzako sikunathe mpaka lero. Ife a pabanja tinawachonderera kuti asiye. Ankatiyankha kuti chitukwano sichitupitsa khungu, ndipo akasiya iwo ana atsala ndi ndani.

Zowatukwana iwo ankazipirira. Chimene sankachipirira ndi munthu wamkulu kutukwana mwana. Kuyambira mu 2004 anakhazikitsa kachitidwe kawo kamene m'buku la malamulo mulibe. Akamva kholo kapena wochemerera akunyoza mwana amene ali m'bwalo, ankaimba wezulo, kuimitsa wotchi ya kumanja, kutola mpira, kupita nawo pakati pa bwalo n'kuukhalira. Sankakangana ndi munthu. Ankangokhala phee, manja ali pamaondo, mpaka pakamwa ponyozapo patatsekeka. Nthawi zina pankatha mphindi imodzi, nthawi zina khumi. Kukakhala bata ankadzuka, kusasa kabudula, mpira n'kupitirira pomwe unalekezera. Ochemerera anawapatsa dzina loti a Thadzi, ati amafungatira mpira ngati nkhuku pa dzira. Linali dzina lonyoza, koma iwo analilandira, ndipo ana akawaitana choncho pamsewu ankayankha mokondwa. Amene tinkadziwa za mbama ya mu 1977 tinkadziwa chimene akufungatiracho.

Tsopano ndafika pa Loweruka la pa 16 Ogasiti chaka chino, ndipo ndiwerenga pang'onopang'ono kuti pasakhale wonena kuti sanamve. Kunali masewera omaliza a chikho cha ana osapitirira zaka khumi ndi zitatu, a malaya obiriwira ndi a malaya oyera. Kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, mpira wofooka unadutsa pakati pa miyendo ya wotchinga pagolo wa obiriwira, oyera n'kutsogola ndi chigoli chimodzi. Anthu a timu yake yomwe, amene anaunjikana kuseri kwa golo, anayamba kumulalatira mwanayo mawu amene sindingawabwereze pamaso pa abusa. Bambo ake omubereka anadumpha mzere n'kukamukoka khutu. Malemu anachita zimene akhala akuchita kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi. Anaimba wezulo, anaimitsa wotchi, anatola mpira n'kukaukhalira.

Apo ochemerera obiriwira anasiya mwana uja n'kutembenukira kwa iwo. Anayamba kukuwa kuti a Thadzi akuwadyera nthawi, agulidwa ndi oyera, akufuna mpira uthere pansi pa matako awo. Malemu anakweza dzanja la kumanja m'mwamba kuti aliyense aone kuti wotchi yaima ndipo mphindi zawo zilipo. Dzanja lili m'mwamba choncho, chidutswa cha njerwa chinachokera ku mulu umene uli pafupi ndi chipinda chovalira chosatha kumangidwa chija, n'kuwamenya kuseri kwa khutu la kumanzere. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi, atakhala pansi, atakufulatirani. Anagwa chammbali, mpira ali nawo m'manja. Oyamba kufika pamene anagwapo anali ana, a matimu onse awiri, akulira. Wamkulu woyamba kufika anali mayi wogulitsa madzi ozizira pageti, amene anamasula mpango wake n'kuwaika ayezi pabala. Akomiti anali pamthunzi, akuteteza chikho kuti chisagwe patebulo.

Malemu anadzuka. Anamanga mpango uja kumutu, anayang'ana wotchi ya kumanja, n'kuuza ana kuti kwatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Anaziimbira zonse, imodzi osaperewera. Pa mphindi yachisanu obiriwira anabweza chigoli. Mpira unapita ku mapenate, mwana wotukwanidwa uja anagwira awiri, obiriwira n'kutenga chikho. Mundimvetse bwino. Chikho chimene chili pa shelefu lero chinapezeka m'mphindi zimene munthu ameneyu anakusungirani, zimene inu munkati akukuberani. Bambo amene anakoka mwana khutu anamunyamula paphewa. Gulu lonse linadutsa likuimba pafupi ndi mpopi pamene achimwene anga anawerama akutsuka magazi, ndipo palibe ngakhale mmodzi anaima. Kunyumba anabwera okha, akukankha njinga, mpira wa masewerawo uli pakaliyala chifukwa woti aulandire panalibe.

Ku kachipatala kapafupi anawasoka malo anayi n'kuwapatsa mankhwala opha ululu. Lolemba anatsegula katebulo kawo nthawi yake. Ankadandaula mutu, koma poti ndi munthu wamakani, ankati ndi dzuwa. Pa 22 Ogasiti mnzawo wa sitolo ya nsalu anaona kuti akulephera kutola sikuluu, dzanja likuphonya. Pa 26 Ogasiti m'mawa, atavala mawotchi awo onse awiri, anafunsa alamu anga kuti nthawi ili bwanji. Alamu ananditumizira uthenga nthawi yomweyo. Ku chipatala chachikulu anawajambula m'mutu n'kupeza kuti magazi akhala akudontha pang'onopang'ono n'kuundana mkati, pamalo pomwe panagunda njerwa. Anawachita opaleshoni pa 28 Ogasiti, koma sanatsitsimuke bwinobwino. Anatisiya Lachitatu pa 3 Seputembala 2025, nthawi ili mphindi makumi awiri kupitirira folo koloko masana, dzanja lawo lili m'manja mwa mwana wawo woyamba. Chikalata cha dokotala tili nacho, ndipo sichikunena za kuthamanga kwa magazi kapena matenda a shuga monga ena ayamba kufalitsira ku msika. Chikunena za kumenyedwa ndi chinthu cholimba m'mutu.

Tinapita ku polisi, ndipo anatiuza kuti tibweretse mboni. Pabwalo paja panali anthu oposa mazana atatu, dzuwa likuswa mtengo. Tayenda khomo ndi khomo. Wina akuti ankamanga chingwe cha nsapato, wina ankayankha foni, wina anali atapita kukataya madzi. Anthu amene amaona ofusaidi ali mamita makumi asanu kuseri kwa golo, amene amaona dzanja lagunda mpira ngakhale mwana wafulatira, onsewo tsiku limenelo anachita khungu nthawi imodzi. Zaka zonsezi mumati wakhungu ndi iwo. Ena mwa inu muli pompano, mwavala zakuda, ndipo nyimbo mukuimba mokweza kuposa akwaya. Ine ndikukuonani, ndipo mtima wanga ukuwawa kwambiri.

A komiti anabwera dzulo masana, atatu. Tinawayalira mipando monga mwa ulemu. Anatiuza kuti lipoti limene malemu analemba la masewera aja lasowa mu ofesi. Asavutike kulifuna. Malemu ankalemba chilichonse ndi kaboni pansi, ndipo pepala lachiwiri lili kwa ife, njerwa yalembedwamo, mphindi yake yalembedwamo. Anatiuzanso kuti nkhaniyi ikamveka, kampani imene imathandiza ligi ithawa, choncho ndi bwino tingoti anadwala, ndipo iwo adzakhazikitsa chikho cha chikumbutso m'dzina la malemu. Mmodzi wa iwo anatipepesa ndi mwambi woti mutu ukakula sulewa nkhonya. Bambo inu, mwambi umenewo mukauze ana amasiye awa mukuwayang'ana m'maso. Atatha zonsezo, apampando anafunsa ngati mwambo uno ungathe m'mawa, poti masana ano ligi yatsopano ikuyamba, ndipo anapempha kuti tiwabwezere mpira wawo. Munthu ali m'bokosi, iwo akufunsa mpira. Ine ndinatuluka panja, chifukwa manja anga anazolowera kupinda zitsulo ndipo sindinafune kuchititsa manyazi alamu anga.

Yankho la banja nali. Chikho cha chikumbutso tachikana. Dzina la achimwene anga silikhala chivindikiro cha mphika umene mwawaphikiramo. Mpira uja ulipo, ndipo amene ali kutsogolo akuuona. Alamu anga, kuyambira m'mawa, mpando aukana, akhalira mpirawo. Palibe anawauza. Oimbira anayi amene anatsala mu ligi, ndi awo akhala kumanjako, abwera okha n'kuika mawezulo awo pabokosi, ndipo atiuza kuti sawatolanso mpaka alamu atadzuka. Choncho masana ano kubwalo kulibe mpira, Loweruka la mawa kulibe, ndipo linalo kulibenso. Ena andiuza kuti ndikadule zipilala zija poti ndinawotcherera ndine. Sindidula, ana alibe mlandu. Ananu amene mwaima kumbuyoko ndi malaya anu a timu, obiriwira ndi oyera pamodzi, musaope, mpira wanu sunathe. Wangoima monga mmene a Thadzi ankauimitsira, ndipo mukudziwa kuti ukaima chonchi wolakwa simukhala inu. Mukafika kunyumba mukafunse bambo anu, amalume anu ndi aphunzitsi anu a mpira kuti anaona chiyani pa 16 Ogasiti. Mukafunse pa chakudya cha m'mawa, mukafunsenso pa cha madzulo.

Tikufuna zinthu ziwiri zokha. Amene anaponya njerwa abwere masana, ndi miyendo yake, adzaime pakhomo pa mayi awa n'kunena kuti ndi iye, kenako tidzapite naye limodzi kumene nkhani zotere zimakambidwa. Sitimugwira, sitimumenya, kwathu sitiponya miyala. Ndipo a komiti alembe pepala lina lonena zimene zinachitika, adinde ndi chidindo chomwecho. Kuyembekeza sikutivuta. Tinaphunzira kwa munthu amene ankatha kukhala padzuwa mpaka bwalo lonse litachita manyazi, komanso mlandu suola.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, alongo awo awiri ndi ine mng'ono wawo. Asiyanso mawotchi khumi ndi anayi a anthu m'kabati ya katebulo kawo, iliyonse ili ndi kapepala ka mwini wake, ndipo eni ake adzawapeze kwa mwana wawo wamwamuna mlungu wamawa. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, mnzawo wa sitolo ya nsalu amene anatinyamula pa galimoto yake, abusa ndi akwaya, anansi amene mwatigwira manja masiku atatuwa, ndi oimbira anayi aja. Mwapadera tikuthokoza mayi wogulitsa madzi pageti. Mpango wanu, mayi, tauchapa, koma banga lakana kuchoka, ndipo tikupempha kuti tiusunge. A komiti sitikuwathokoza lero, tidzawathokoza tsiku limene adzabweretse pepala loona.

Achimwene, munafika msanga kulikonse kumene munkapita, ndipo kunonso mwafulumira, koma ulendo uno simunafune ndinu. Wotchi ya kumanzere takuvekani, mupite nayo. Ya kumanja yatsala ndi alamu, ndipo taiimitsa. Mzimu wanu uuse mumtendere. Mpira tikukusungirani, ndipo sitidzuka.